Mphesa 12 za Chaka Chatsopano ku Salamanca

Ku Spain chaka chatsopano amachilandira ndi mphesa 12 m'manja, maso onse ali pa TV kuonera wotchi ya pa Puerta del Sol ku Madrid. Belu likalira kamodzi, mphesa imodzi m'kamwa, mpaka ka 12. Ukamaliza limodzi ndi belu, akuti chaka chonse chikuyendera bwino. Amati alimi a ku Alicante ndiwo anafalitsa mwambowu mu 1909 atakolola mphesa zosowa nazo msika, ngakhale a ku Madrid anali atauyamba kale.

Ine ndinkaphunzira Chisipanishi ku Salamanca, ndikugona kwa banja lina. Pakati pa Disembala ophunzira amasonkhana pa Plaza Mayor kuchitiratu Chaka Chatsopano chawo asanabalalike kupita kwawo, ndipo m'malo mwa mphesa amadya maswiti 12 ofewa. Kumeneko ndinameza onse osatsamwa, ndiye ndinkayenda mapewa m'mwamba.

Pa 31 chakudya chinafika patebulo cha m'ma 10 usiku, monga mwa nthawi zawo. Nkhanu za m'nyanja, nyama ya nkhosa yootcha, switi ya uchi ndi mtedza wa amondi yotchedwa turrón, ndi timakeke touma kwambiri totchedwa polvorones. Timeneti umayenera kutifinya m'manja tikadali m'pepala, apo ayi timangosanduka ufa. Ndinadya tiwiri kutatsala mphindi zochepa, malovu onse n'kuuma.

Nthawi yonseyi agogo aakazi a pakhomopo anali duu ndi kampeni, akusenda mphesa zawo ndi kuchotsa njere ndi kapini ka m'tsitsi. Ana anawatsegulira zam'chitini, zomwe zimagulitsidwa 12 zosendasenda, zopanda njere. Mayi a nyumba anandifunsa ngati nanenso ndikufuna zam'chitini.

"Ayi mayi, zimenezo n'za ana. Ine ndipatseni zazikulu."

Anandipatsadi zazikulu, za ku Vinalopó, zija amazikuta ndi mapepala zikadali m'munda, njere zake zili momwemo.

Tsono mvetsetsani mmene wotchi ija imachitira, chifukwa apa ndi pamene alendo timagwera. Kutatsala pafupifupi theka la mphindi, mpira wagolide wa pansanja umatsika, timabelu tikulira motsatizana. Usadye. Kenako pamabwera cuartos, belu lolira pawiripawiri kanayi. Usadyebe. Ndiyeno pamabwera belu lalikulu, lolira limodzilimodzi, lotalikirana masekondi atatu. Pamenepo ndi pako. Masekondi atatu sakwana kutafuna mphesa ya khungu, kusankha njere ndi lilime n'kumeza. Akatswiri amaluma kamodzi, kumeza madzi, zotsalazo n'kukankhira kutsaya, ndipo sayang'ana mnzawo kumaso kuopa kuseka.

Ine nditangomva "ding dong" woyamba wa cuartos, mphesa ponyu m'kamwa. Wachiwiri, ina. Bambo a nyumba anandikodola ndi chigongono, ine n'kumaganiza kuti akundichemerera. Pofika wachinayi ndinali ndi mphesa zinayi m'kamwa, ndikudabwa kuti azungu onsewa agona bwanji pa mpikisano wa kwawo omwe.

"Dikira mwana wanga, sizinayambe!" anakuwa mayi.

Belu lenileni linalira nthawi yomweyo. Ndinasokonezeka. Ndilavule ndiyambirenso? Ndidikire mabelu anayi adutse? Ndinasankha zoipitsitsa: kupitiriza. Pa belu lachitatu njere inaphwanyika pa dzino, kuwawa kwake kukafika kukhosi. Pa lachisanu ufa wa polvorones unasakanikirana ndi madzi a mphesa n'kukhala phala lokana kutsika. Pa lachisanu ndi chitatu mbale yanga inali gwa, yopanda kanthu, koma palibe ngakhale imodzi imene inafika m'mimba. Masaya anali tolotolo ngati pusi wopezereredwa m'munda wa chimanga. Mabelu anayi otsalawo ndinangowamvera ndi misozi m'maso, kwinaku agogo, a mano owerengeka, akumeza zawo mwaulemu, imodzi ndi imodzi, mpaka kupukuta pakamwa ndi kansalu.

Ndinkati zatha. Ndinaiwala kuti belu likangosiya, aliyense amadzuka kukumbatirana, ndipo akazi amakupsompsona masaya onse awiri, kuyambira lakumanja. Mayi anayamba, ine n'kulimba. Mwana wawo wamkazi, n'kulimbabe. Agogo sanangogunditsa tsaya ayi, anandigwira nkhope ndi manja awiri n'kufinya mwachikondi.

Mphesa imodzi inatuluka yathunthu. Inadutsa pamwamba pa mbale ya turrón n'kukagwera chubwi mu tambula ya bambo ya vinyo wa thovu wotchedwa cava, momwe anali ataikamo kale mphete yawo yagolide, poti nawonso ndi mwambo wokokera ndalama. Bambo anayang'ana tambula, n'kuyang'ana ine, n'kunena kuti chaka chino ndalama zikapanda kubwera adziwa wowafunsa.

Nditapuma, agogo anandisisita pamsana. "Usadandaule mdzukulu wanga. Ku zilumba za Canarias nthawi yawo ili mmbuyo ndi ola limodzi. Ikakwana 1 koloko TV ionetsanso mabelu a kumeneko, uyesenso."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma mphesa zinali zitatha m'nyumba monse, moti 1 koloko itayandikira agogo anatuluka kukhitchini atanyamula kambale ka maolivi 12, osachotsa nthangala.