Magazi amene si msambo

Lolemba woyamba kulowa m'chipinda changa anali mayi wothyola tiyi cha ku Chitakale, akupuma mwawefuwefu. Nditakoka chikope chawo cham'munsi, mkatimo munali mbuu ngati ufa woyera.

"Mayi, mwasamba masiku angati?"

"Anamwino, ndi jakisoni wolera uja basi."

Tinawerenga limodzi pa zala mpaka masiku 23, chonsecho msambo wabwinobwino sudutsa masiku 8. Nsalu ankasintha ola lililonse, magazi akubwera ndi mibulu, ndipo anali atayamba kulakalaka dothi. HB yawo, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, inali 6, pamene ya mayi wathanzi siyenera kutsika pa 12. Tinayamba tayeza mimba, monga tichitira ndi aliyense amene akali kusamba, kenako sikani inaonetsa zotupa za m'chiberekero, ma fibroid. Anaikidwa magazi, tinawapatsa tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, ndi mapiritsi a ayironi. Koma nkhawa yawo inali kumunda: "Ndikagona kuno, makilo anga andithyolera ndani?" Funso limeneli limandipweteka, chifukwa ndi limene linawachedwetsa kubwera.

Pakati pa mlungu panadutsa amayi olera ndi jakisoni wa Depo ndi timachubu ta pamkono ta Jadelle, odandaula za magazi odonthadontha. Njirazi zimasokonezadi msambo, makamaka miyezi yoyamba, komabe sindilola kuti jakisoni asenze mlandu ndisanaone khomo la chiberekero. Mtsikana wina anapita padera, tinamutsuka m'chiberekero.

Lachisanu mpongozi anabweretsa apongozi ake kuchokera ku Muloza, pakabaza. Agogowa analeka kusamba zaka 10 zapitazo, kenaka magazi anayambiranso. Anayamba apita kwa sing'anga, poganiza kuti wina wawachita chipongwe, ndiye miyezi inatha akumwa mizu, akuchapa nsalu usiku kuti ana asaone. Sindinafunenso viniga amene timayezera khansa ya khomo la chiberekero. Khomo linali ndi chilonda chotuluka magazi pongochikhudza. Magazi obwera munthu ataleka kusamba timawaganizira khansa mpaka zoyeza zitatsutsa, choncho ndinawalembera kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

"Mwanangu, ndikachira?"

"Agogo, tiyeni akaone kaye akuluakulu. Musadikire kukolola."

Kalatayo anaimanga pamfundo ya chitenje. Potuluka ndinamuyimitsa mpongoziyo. Iye sanayezetsepo, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa zaka 9, msinkhu wa katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Wati abwera Lachiwiri, mwanayo ali naye.