Ulendo wa ku Fort Wayne ndi atsikana athu a softball

Loweruka lapitali tinanyamuka ku South Bend, kuno ku Indiana m'dziko la America, 6 koloko m'mawa, magalimoto asanu, atsikana 12 a timu ya mwana wanga ndi ife makolo, ulendo wa ku Fort Wayne kukasewera magemu awiri ndi matimu a kumeneko. Tinadzera US 31 mpaka Plymouth kenako US 30, maola awiri osakwana bwino, minda ya chimanga ndi soya uku ndi uku moti ukasinza pang'ono ungadzuke ukuganiza kuti uli ku Mchinji.

Kwa amene simunaonepo, ana a zaka 8 kutsika, amati 8U, samaponyerana okha mpira. Amaponya ndi kochi wa timu yomwe ikumenyayo, ndiye dzina loti coach pitch. Ine poyamba zinkandizunguza mutu, munthu wamkulu ndevu pepeya kuima pakati pa ground kumaponyera ana ake omwe mofewa kuti amenye bwino. Amaima mafiti 35 kuchokera pomwe pali womenya, dzanja limachokera pansi osati pamwamba ngati baseball, kampira kachikasu ka mainchesi 11. Mwana wa timu inayo amaima pambali pake phazi limodzi mkati mwa mzere wozungulira, atavala chotchinga kumaso, ntchito yake kudikira mpira ukamenyedwa basi.

Chomwe chinatipweteka n'choti malamulo a coach pitch amasiyana ligi ndi ligi. Kwathu ku South Bend mwana amaponyeredwa mipira 7, ku Fort Wayne ampaya, woyimbira gemu, anaitana makochi gemu isanayambe n'kuwauza kuti kuno ndi 5, wachisanu ukadutsa osamenya watuluka, pokhapokha akaukhudza n'kupita foul, kunja kwa mizere ya ground, ndiye amamupatsa wina. Zoti mwana angopita ulele pa first base, malo oyamba omwe womenya amathamangirako, chifukwa mipira yaponyedwa pambali kulibe, akaponya zokhota kochi wapha yekha mwana wake. Ana athu anazolowera kungoyang'ana iwiri itatu yoyamba ngati akusankha tomato pamsika, ndiye inning yoyamba, gawo loyamba la gemu, awiri anatuluka bat ili paphewa, kochi wathu thukuta kamukamu.

Manyazi a tsikulo anali anga. Mwana wanga anafika pa first base, kenako catcher, mwana wowakha mipira kumbuyo kwa womenya, anauphonya mpira n'kugubudukira ku fensi, ine magazi a mpira wa miyendo anakwera ndinakuwa mu Chichewa chenicheni kuti thamanga iwe thamangaaa, iye n'kuliyatsa liwiro mpaka second. Ampaya anangokweza manja n'kumubweza, ati pa msinkhu umenewu kuba base kulibe ndipo phazi lisachoke pa base mpira usanamenyedwe, ulendo wina atuluka. Mayi akunyumba anandikoka malaya, "bambo ake khalani pansi mukutichititsa manyazi". Mwanayo anangondiyang'ana mkati mwa chipewa chake chija, sindinalankhulenso mpaka inning inatha.

Gemu yoyambayo tinaluza 11 kwa 6, zikanaposa pamenepo koma lamulo loti timu ikagoletsa 5 inning yatha linatipulumutsa kawiri. Lamulo limenelo ndimalikonda, komanso loti mwana aliyense amene wabwera amamenya pa mzere wake ngakhale oteteza amalowa 10 okha, anayi kumbuyo. Lomwe sindikuligwirizana nalo mpaka pano ndi la kamzere ka laimu pakati pa ma base. Mpira ukabwerera kwa mwana wa pakati uja ampaya amaimitsa, amene wadutsa kamzereko apitirire amene sanadutse abwerere, ndiye munthu mmodzi aone bwanji ana atatu nthawi imodzi, makolo mbali zonse timangong'ung'udza.

Pa nkhomaliro mandasi omwe tinakazinga usiku anatha mphindi zochepa, makolo a timu inayo kufunsa kuti madonati amenewa mwagula kuti.

Yachiwiri ana anali atachangamuka, akumenya mpira woyamba womwe. Kamtsikana kathu kena kochepa thupi kanamenya mpira wamphamvu womwe unakamufikira kochi wathu pa bondo, ife tadumpha kale kusangalala, ampaya n'kuti dead ball, onse abwerere malo awo aponyenso. Kochi akutsimphina anaponyanso, kamtsikanako kanamenyanso pomwepomwepo koma ulendo uno anadumpha ngati mbuzi. Nthawi ya ola ndi mphindi 15 inakwana tikutsogola 9 kwa 8.

Pobwerera onse anagona tisanafike Columbia City, wanga anadzuka tikulowa mu South Bend n'kundiuza kuti adadi mawa mundiponyere kuseri kwa nyumba koma isanu yokha, ndipo gemu ikubwerayi musakuwenso. A ku Fort Wayne abwera kwathu mwezi wamawa, makochi akukanganabe ngati tidzasewere ya 7 kapena ya 5.