Makwacha awiri pa chipata cha Mwami

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikupita ku Chipata kukapikula zitenje ndi nsapato zodzagulitsa m'kashopu kanga ku Lilongwe, ndipo ulendo uliwonse umayamba ndi funso lomwe ndimafunsa ndisanatsike n'komwe minibasi ku Mchinji, kufupi ndi chipata cha Mwami cha m'malire a Malawi ndi Zambia: kodi lero ikuyenda pa zingati? Anyamata osintha ndalama amakhala atandizungulira kale, mitolo yomangidwa ndi mphira ili m'manja. Sabata yatha mmodzi anandionetsa nambala pa foni yake, ine n'kugwira pakamwa. Ndinati, “Achimwene, mwezi watha si mmene munandisinthira.” Iye anangoseka n'kuyankha kuti, “Amayi, imeneyo inali ya mwezi watha. Mukachedwa, madzulo ano isinthanso.”

Ndalama zonse ziwiri, ya ku Malawi ndi ya ku Zambia, dzina lake ndi kwacha, ndipo zimenezi zimasokoneza anthu ambiri. Alipo akuluakulu amene amadandaula kuti kale kwacha yathu imodzi inkagula makwacha a ku Zambia oposa khumi, pamene lero imodzi ya kumeneko ikumeza athu makumi angapo. Kudandaulako n'komveka, koma mbali yaikulu ya kusiyanaku inabwera mu Januwale 2013, pamene dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1. Kufufuta maziro sikunalemeretse munthu aliyense ku Chipata. Chimene chimandisowetsa tulo ine n'chakuti nambala imene mnyamata uja amandionetsa imangokwera, siibwerera m'mbuyo.

Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kugwa kwachiwiriku kunandipeza nditakongoza zitenje kwa amayi ogwira ntchito m'maofesi, oti adzandilipire pakutha pa mwezi. Onse analipira mokhulupirika, palibe anandithawa, komabe nditafika nazo ndalamazo pamalire zinalephera kubweza katundu wofanana ndi amene ndinagulitsa. M'kope langa munalembedwa phindu, pamene mpamba unali utadyeka.

Chovuta china n'chakuti ndalama yakunja ili ndi mitengo iwiri. Mtengo wolembedwa pa bolodi ku banki ndi wooneka bwino, koma wageni wamng'ono akapita kukafunsa amauzidwa kuti alembetse dzina adikire, pamene katundu ku Chipata sadikira munthu. Motero timathera kwa anyamata a mumsewu, kumene mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo ndi mtengo umenewu umene umalowa m'chitenje chilichonse chimene ndimapachika m'shopu. Makasitomala akamati ndikudulitsa, sindikhala ndi mawu, chifukwa iwo amamva mtengo wa pa wailesi.

Ena amaloza chala anyamata osinthawa kuti ndiwo akugwetsa kwacha. Ine sindikhulupirira zimenezo, ngakhale kuti ena mwa iwo ndi akathyali pa kawerengedwe ndipo ndalama uyenera kuiwerenganso pamaso pawo. Madola athu amabwera makamaka ndi fodya, amene msika wake umangokhala wa miyezi yochepa pa chaka, kuwonjezerapo tiyi ndi shuga, pamene mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala timagula kunja chaka chonse. Anzathu a ku Zambia nawonso anaona zowawa, mpaka analephera kubweza ngongole zakunja mu 2020, koma ali ndi mkuwa umene umakumbidwa dzinja ndi chilimwe chomwe.

Masiku ano ndinaleka kukongoza katundu, ndipo sindisunganso ndalama m'nyumba kupitirira sabata imodzi. Ikangokwana ya ulendo, ndimanyamuka. Ulendo wathawu ndinatenga ma K5,000 odzaza kachikwama ka m'chiuno mpaka zipi kuvuta kutseka, ndipo nditasintha, zonsezo zinakwana m'thumba limodzi la bulauzi.