Loboti ya AV1 m'kalasi: imagwira ntchito ngati pali woinyamula

Mwana akamalandira mankhwala a khansa, chitetezo cha m'thupi mwake chimatsika moti chimfine cha mnzake chikhoza kumugonetsa m'chipatala. Ena amakhala kunyumba miyezi yambiri chifukwa cha matenda a kufooka kosatha otchedwa ME, ena chifukwa cha nkhawa yoopa sukulu. Ntchito ya m'kalasi akhoza kumutumizira, koma macheza, nthabwala ndi mpando wake pakati pa anzake sizitumizika. Vuto limeneli ndi lomwe kampani ya No Isolation, yomwe inakhazikitsidwa ku Oslo m'dziko la Norway mu 2015, inkafuna kuthetsa popanga kaloboti kotchedwa AV1.

Kanthuka n'kakang'ono, kotalika pafupifupi masentimita 30, koyera, kamutu ndi thupi chabe. Kalibe manja, miyendo kapena mateyala. Mkati muli kamera, maikolofoni, sipika ndi batire, ndipo kamalumikizidwa pa Wi-Fi kapena pa netiweki ya 4G. Mwana ali pabedi amatsegula pulogalamu pa tabuleti kapena pa foni n'kuyamba kuona ndi kumva zonse za m'kalasi. Akakhwekhwereza chala pagalasi la tabuleti, lobotiyo imatembenuka mbali iliyonse, imaweramanso kapena kuyang'ana m'mwamba. Akafuna kuyankha funso, nyali ya pamutu imaphethira, ndiko kukweza dzanja kwake. Akatopa n'kungofuna kumvetsera, mutu umayaka buluu ndipo aphunzitsi amadziwa kuti asamufunse. Mawu akhoza kuwatsitsa kuti anong'oneze mnzake wapafupi.

Chimene ndimaona kuti anachiganizira bwino n'chakuti chithunzi chimapita mbali imodzi. Mwana amaona kalasi, koma kalasi simuona. Wothothoka tsitsi kapena wotupa nkhope ndi mankhwala safuna kuonekera pa sikilini, ndipo ichi n'chifukwa chake ana ena amakana mapulogalamu oonerana pa kanema monga Zoom kapena Teams koma amavomera loboti.

Ku England boma linapereka ndalama mu 2018 zoyesera maloboti 90 kudzera ku Hospital and Outreach Education, sukulu ya ana odwala ya ku Northamptonshire, ndipo makhonsolo ena tsopano amabwereketsa malobotiwa ku masukulu. Makolo okhala ku Britain ayambe afunsa kusukulu kapena ku khonsolo asanaganize zogula.

Musanaiike m'kalasi, yambani ndi anthu. Aphunzitsi ambiri amaopa kuti makolo azikhala kuseri n'kumawaonera, kapena kuti akujambulidwa. Afotokozereni kuti AV1 sisunga kanema, kuti munthu mmodzi yekha ndiye amalowa ndi nambala yachinsinsi, ndiponso kuti maso ake akayaka ndiye kuti mwanayo walowa. Banja livomereze kuti mwana azikhala payekha atavala mahedifoni pa nthawi ya phunziro. Makolo a ana ena alembereni kalata. Mukadumpha zimenezi, dandaulo limodzi lokha likwanira kuti loboti itsekeredwe m'kabati.

Kenako yesani netiweki mwana asanalowe. Wi-Fi ya sukulu nthawi zambiri imakhala yotchingidwa kuti zipangizo zachilendo zisalowe, choncho wa makompyuta ayenera kuitsegulira njira. Mukadalira 4G, yendani nayo m'zipinda zonse zomwe idzalowe, chifukwa chipinda cha makoma ochindikala kapena chapansi chimadula netiweki. Yesaninso mbali ya mwanayo, makamaka akakhala m'chipatala.

Poika pake, desiki ya mwanayo ndiye malo oyenera, bola ione bolodi bwino. Kumbuyo kwenikweni zolemba sizioneka. Ikayang'anizana ndi zenera, kuwala kumaphimba chithunzi. Ikakhala pafupi ndi chokupizira mphepo kapena pulojekita, phokosolo limamiza mawu a aphunzitsi. Pa ntchito ya m'magulu iikeni pakati pa tebulo, ndipo anzake azilankhula mmodzimmodzi, pakuti maikolofoni satha kusankha mawu ngati mmene khutu limachitira. Mapepala a ntchito atumizidwe phunziro lisanayambe, chifukwa kuwerenga pepala kudzera pa kamera n'kotopetsa.

Apa ndi pomwe masukulu ambiri amagwera: ndani ainyamule? Poti siyenda yokha, pamafunika anzake awiri kapena atatu osinthana, osankhidwa mogwirizana ndi wodwalayo, oti aziitenga pa chaja m'mawa, kupita nayo kalasi ndi kalasi, kutuluka nayo pa buleki, n'kuibwezera pa chaja poweruka. Pakhalenso wamkulu mmodzi woyang'anira, wodziwika ndi dzina. Ntchito ya aliyense imakhala ya palibe, ndipo mwana amene watsegula tabuleti n'kupeza mdima kawiri katatu amaleka kuyesa. Maloboti a mateyala monga Double ndi VGo amayenda osanyamulidwa, inde, koma masitepe ndi zitseko zimawaimitsa, ndipo netiweki ikaduka pakhonde amangoima pomwepo. Kwa ine kunyamulidwako n'kwabwino, chifukwa kumachititsa anzake kumuganizira tsiku lililonse.

Musayambe ndi tsiku lonse. Phunziro limodzi lomwe mwanayo amalikonda, kapena nthawi ya chakudya chamasana ndi anzake, n'zokwanira sabata yoyamba. Nthawi muziwonjezera malinga ndi mphamvu zake komanso malangizo a dokotala. Aphunzitsi azimupatsa moni pomutchula dzina lake, osati "loboti", ndipo azikumbukira kuyang'ana nyali ija.

Kwa mwana wa nkhawa pafunika kusamala kwambiri. Loboti ikhoza kumuzoloweza kukhala kunyumba. Choncho muyambe mwagwirizana kuti mudzaunikanso liti, ndipo njira ikhale yobwerera pang'onopang'ono: poyamba ali kunyumba, kenako ali m'chipinda chabata pasukulu pomwepo loboti ili m'kalasi, kenako alowe yekha phunziro limodzi.