Achimwene, lero ndi tsiku lachingati?

Masabata awiri apitawa chimfine chinandigwira, chija chokugonetsa mpaka foni kumaiona ngati katundu wolemera. Tsiku lachitatu ndinawaimbira achemwali anga, amene ndi namwino, kuti andiuze ma antibiotic oti ndigule poti ndinali nditatopa nazo. Anangoseka. Akuti achimwene, lero ndi tsiku lachingati? Ine lachitatu. Akuti nde mukufuna thupi lithamange bwanji, asilikali enieniwo sanafike nkomwe. Zinandinyansa ndithu, koma poti ndinali chigonere ndinayamba kuwafunsa mafunso tsiku ndi tsiku, ndipo zomwe ndamvetsa ndi izi.

Kachilombo kakalowa m'mphuno sumva kanthu. Ka flu kamatha tsiku limodzi mpaka 4 usanayambe kudwala, nthawi yonseyo kali mkati mwa maselo a m'mphuno ndi kukhosi, kukuwagwiritsa ntchito kuti apange tizilombo tina tambirimbiri. Nde munthu uja anayetsemula pafupi nawe m'mawa womwe unayamba kudwala, nkumamuda mumtima, mwina ndi wosalakwa, wokupatsira weniweni unakumana naye dzana.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri nchakuti kuvutika kwa masiku oyambawo, mbali yaikulu ndi thupi lako lomwe. Maselo ogwidwa aja amatulutsa interferon, yomwe imachenjeza maselo oyandikana nawo kuti akonzeke kachilombo kasanawafike. Anaitulukira ku London mu 1957 a Alick Isaacs ndi a Jean Lindenmann, akufufuza kachilombo ka flu komweka. Interferon ndi anzake otchedwa ma cytokine ndi amene amabweretsa kuphwanya m'thupi, mutu, kufooka, komanso amauza ubongo kuti ukweze kutentha. Nchifukwa chake usiku wachiwiri ndinali kunjenjemera m'bulangete, mano kugundana, chonsecho thermometer ikuti 38.7. Ubongo unali utakweza mlingo, thupi nkumadziona ngati lazizira.

Tsiku lachinayi mamina anasanduka achikasu, kenako obiriwira, ine eeh apa nde bacteria walowa basi. Achemwali akuti ayi. Mtunduwo umachokera ku maselo oyera otchedwa neutrophil amene akhamukira m'mphunomo nkufera momwemo, ali ndi enzyme yobiriwira, myeloperoxidase. Mamina obiriwira paokha si umboni woti ukufunika antibiotic, ngakhale ambirife tinakula tikukhulupirira choncho.

Tsiku lomwelo ndikugwira m'khosi pansi pa chibwano ndinamva timibulu tiwiri topweteka, mwanabele. Apa nde pali nkhani yokoma. Pali maselo ena, ma dendritic, amene amatola zidutswa za kachilomboka nkupita nazo m'timibulu timeneti kukazionetsa kwa maselo oyera otchedwa a T ndi a B, asilikali enieni aja ankanena achemwali. Pa maselo mamiliyoni ndi ochepa kwambiri amene amakwanirana ndi kachilombo kamtundu umenewo, nde akapezeka amayenera kuchulukana kaye, m'modzi awiri, awiri anayi, mpaka akwane gulu, ndipo zimenezi zimatenga masiku, palibe piritsi loti lizifulumizitse. Kutupa kuja ndi kuchulukanako. Mwa maselo a T, ma CD4, omwe aja ambiri timawadziwa, amatsogolera ntchito, ma CD8 amapha maselo ogwidwa kale, pomwe a B amapanga ma antibody, tinthu tomwe timamatirira kachilomboka nkukafooketsa. Oyamba, IgM, amaoneka chakumapeto kwa sabata yoyamba, IgG imadzachuluka cha m'sabata yachiwiri kupita mtsogolo.

Ndipo zoonadi tsiku la 7 ndinadzuka mutu utapepuka. Ndikanamwa amoxicillin tsiku la 5, bwenzi pano ndikuuza aliyense kuti ndi amene anandichiritsa kkkk, chonsecho alibe chochita ndi virus. Ndikuganiza kuti chikhulupiriro chathu pa ma antibiotic chimachokera pamenepa, timawamwa titatopa, pa nthawi yomwe thupi latsala pang'ono kupambana lokha. Ine ndinangomwa paracetamol, madzi ambiri nkugona.

Chifuwa chokha ndi chomwe chatsala. M'njira ya mpweya muli timaubweya tating'ono kwambiri timene timakankhira makhololo kumtunda, ndipo nkhondo ija imatiwononga, nde mpaka timerenso umatsokomolabe, masabata atatu si zachilendo. Koma achemwali anandichenjeza osaseka, akuti mukayamba kupeza bwino kenako thupi nkutenthanso, kubanika, pachifuwa kubaya mukamapuma, musandiimbire ine, pitani kuchipatala, chifukwa bacteria amapezerapo mwayi pamene pawonongeka ndipo chikhoza kukhala chibayo. Kwa khanda, agogo, mayi woyembekezera kapena munthu wa chitetezo chotsika, osawerenga masiku ngati ine, kupita msanga.

Nkhondo ikatha ambiri mwa asilikali aja amafa, koma ena amatsala akukumbukira. Mu 2008 ofufuza anapeza kuti anthu amene anapulumuka mliri wa flu wa 1918, ali ndi zaka zopitirira 90, magazi awo ankakazindikirabe kachilombo kaja. Ine ndinafunsa kuti nanga bwanji chimfine chimandigwira chaka chilichonse? Akuti rhinovirus yokha, kachilombo ka chimfine wamba, ili ndi mitundu yoposa 100, ndipo flu imasintha maonekedwe pang'onopang'ono, nchifukwa chake katemera wake amamukonzanso chaka ndi chaka.

Dzulo anandiimbira, ndisanalankhule ndinayamba nkutsokomola m'foni. Akuti tsiku lachingati? Ine la 15. Akuti mwatsala ndi sabata, nkudula.