Khoma lakale limapuma, tsopano zalowa m'mutu

Anzanga a kosi ya zomangamanga, nkhani ya khitchini ija ndaimvetsa tsopano, mtima wakhala m'malo. Pulojekiti yathu ndi yokonza khitchini ya nyumba yakale ku Zomba, imodzi mwa zija zinamangidwa likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975: njerwa zootcha, khonde lalikulu, chumuni cha chitofu cha nkhuni. Eni ake akufuna sinki, kuka yamagetsi ndi makabati, koma maonekedwe akalewo asasokonekere.

Za kauntala ya 90 cm ndi kuyandikana kwa sinki, kuka ndi firiji sindibwereza, mukuzidziwa. Chinkandizunguza mutu n'chakuti khoma limene wina anamatapo simenti ndi matailosi ndilo lanyowa kwambiri, penti akumatuka, kuseri kwa kabati fungo la chuku lokhalokha, pomwe khoma limene sanaligwire lili bwinobwino.

Nkhani yagona pa laimu amene anamatira khoma losagwiridwalo. Makoma ambiri akale alibe DPC pansi (chotchinga chimene amayala kunsi kwa khoma kuti chinyezi chisakwere), ndiye chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka. Pulasitala wa laimu amachilola kutuluka, mphepo n'kuumitsa. Simenti amachitsekera m'kati. Madziwo akasowa potulukira amangokwerabe mpaka pamene simenti wathera, n'kusiya mchere woyera uja umayoyoka ukapalasa ndi chala. Onjezani mvula ya ku Zomba ndi nthunzi ya nyemba zobwata tsiku lonse. Chinanso, simenti ndi wolimba kuposa njerwa zakalezi, moti khoma likasuntha pang'ono imene imang'aluka ndi njerwa. Laimu ndi wofewa, amalolera.

Panopa munthu asandiuze zina, kwa ine laimu ndiye mankhwala a nyumba iliyonse yakale. Muyezo umodzi wa laimu, itatu ya mchenga. Matailosi pasinki ndi pakuka pokha. Makabati asagunde khoma, mpweya uzidutsa kuseri. Chumuni chisagwetsedwe, chizitulutsa nthunzi. Koma pogula muonetsetse, laimu wothira kumunda uja si womangira.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi anangoudutsa chothamanga mutu umenewu. Teremu yonse mabuloko ndi simenti basi, ngati kuti m'dziko muno mulibe nyumba zakale zofunika kukonza. Nditafunsa anangoti kawerengeni. Ndiwerenge nthawi yanji mayeso ali pafupi chonchi, zojambula zina sindinamalize?

Pamene ndikadali kakasi ndi pa nthawi. Laimu amalimba pang'onopang'ono pokoka carbon dioxide wa mumpweya, zimatenga masabata, ndipo amafunika kumuwaza madzi kuti asaume msanga. Eni nyumba adzapirira kuphikira panja nthawi yonseyo? Nanga mawaya ndi mapaipi, tigobe njerwa zakalezo kuti abisike, kapena adutse pamwamba aziwoneka? Kugoba ndikuona ngati kuwononga, koma paipi yoyera ya pulasitiki pakhoma lotere nayonso ikundikana, ndipo pa pulani yanga malo amenewo ndangosiya osajambula kaye.