Ukatswiri wa Vinyo Umene Unathera mu Thobwa la Apongozi

Mwana wathu wamkulu, amene amagwira ntchito ku Cape Town, ndi amene anandilowetsa m'mavutowa ponditengera ku Stellenbosch, tauni imene inakhazikitsidwa mu 1679, kumene minda ya mphesa imakwera m'mapiri ngati tiyi wa ku Thyolo. Pa munda wina anatilowetsa m'chipinda chozizira chodzaza ndi migolo, ndipo mtsikana wotionetsa malo anafotokoza kuti mphepo yochokera kunyanja imaziziritsa mphesa kuti zisapse mofulumira. Kenako anatiphunzitsa kalawidwe: vinyo umamuzunguza m'tambula, umamununkhiza, umamusunga pang'ono m'kamwa, ndiyeno umamulavulira m'kandowa kamene amaika patebulo. Kulavulako kunandipweteka mtima, pakuti tinali titalipira, koma poona azungu achikulire akulavula mosachita manyazi, ndinatsatira.

Ndinabwerera ku Harare ndi botolo limodzi la vinyo wofiira wotchedwa Pinotage komanso nzeru zoposa botololo. Lamlungu lotsatira alamu anga awiri anabwera kwathu ku Highfield, ndipo apongozi anga aakazi anafika kuchokera ku tchalitchi cha CCAP atanyamula thobwa lawo, limene amatikonzera pa mwambo uliwonse. Ndinaimirira pakhonde ngati mlaliki, ndi kulongosola kuti mtundu wa mphesa wa Pinotage unapangidwa mu 1925 ndi Abraham Perold, amene anakwatitsa mitundu ya Pinot noir ndi Cinsaut. Alamu aakulu anafunsa ngati malowolo anaperekedwa, koma sindinawayankhe chifukwa nkhaniyo inali ya anthu ophunzira.

Ndinathira vinyo, ndinazunguza tambula, ndinalowetsamo mphuno, ndipo ndinalengeza kuti ndikumva fungo la maula ndi utsi, ngakhale kuti utsiwo mwina unkachokera ku mbaula ya aneba. Nditapsontha, ndinayendetsa vinyoyo m'kamwa, masaya ali tutumu, maso ali kumwamba. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti sindinakonze polavulira. Kumeza kukanawononga phunziro lonse. Pafupi ndi phazi langa panali kandowa koyera kosavundikira, ndipo ndinawerama ndi kulavuliramo mwaluso, popanda dontho logwera pansi.

Khonde lonse linangoti zii. Mayi a kunyumba anagwira pakamwa. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kadontho kofiira kakufalikira pang'onopang'ono pamwamba pa thobwa limene apongozi anadzukira m'mamawa kulisefa.

"Akamwini," anatero apongozi modekha, "ngati mankhwala anuwo ndi owawa, bwanji osalavulira kuseri kwa nyumba?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ku Stellenbosch anthu olemekezeka amatero. Iwo anafunsa ngati kumenekonso amalavulira m'chakudya cha apongozi awo. Pamene ndinkafunafuna yankho, alamu anamaliza botolo lonse popanda kuzunguza kapena kununkhiza, nanena kuti n'lokoma ndithu.

Apongozi amabwerabe ndi thobwa, koma tsopano limakhala m'chigubu chotseka bwino, ndipo ndikangoimirira kuti ndilankhule, amachikokera pakati pa mapazi awo.